Maliro a Jekete la a Pulezidenti

Nkhondo ya azungu ine ndinaiona, ee, ndinaiona ndi maso angawa, ndipo pa mgodi wa Bindura inafika itakulunga nyama. Nyama ya phoso ija tinkalandira ku sitolo ya mgodi, mafupa ambiri mnofu pang'ono, ankaikulunga m'manyuzipepala akale a azungu. Ife akazi pepalalo tinkayatsira moto. Koma panali munthu mmodzi pa komboni amene ankalitola, kuliwongola pa bondo, kupukuta magazi ndi chala, n'kumaliwerenga milomo ikugwedera. Munthuyo anali a pulezidenti athu.

Pulezidenti wa chiyani? Wa sosaite ya maliro. Ife a ku Nyasalande tinabwera kuno wapansi, kudzera ku Tete, kuwoloka Zambezi, ndipo munthu akafera pa mgodi panalibe malume, panalibe mlongo, panalibe woti n'kumuika. Ndiye amuna anapanga sosaite. Wina akatisiya, sosaite ipeze nsalu, ipeze matabwa, itume adzukulu akakumbe, akazi tiimbe. Chaka ndi chaka, nyengo yozizira, akazi a m'midzi ya ku Masembura akayamba kubwera ndi madengu a chimanga chatsopano, amuna ankasonkhana pa bwalo la komboni kusankha pulezidenti. Kusankha kwake kunalibe pepala. Ofuna mpando aime kutsogolo, iwe ukaime kumbuyo kwa amene ukumufuna, wa mzere wautali ndiye wadya. Akazi sitinkaima pa mzere. Yathu inali nthungululu basi.

A pulezidenti athuwo anali mabalani, ndiye kuti kalaliki wa pa geti woboola matikiti a anthu ogwira ntchito. Wamtali ngati mtengo wa bulugamu, wopanda mthunzi ngati bulugamu yemweyo. Anali ndi jekete lakuda la mabatani owala limene anagula kwa mzungu wina wobwerera kwawo, ndipo kutenthe kuzizire, jekete lili pathupi. Pa maliro ankafika dzenje litatha kale, thukuta la anzawo litauma, n'kuima kumutu kwa manda, n'kulankhula, kulankhula, mpaka mithunzi kutembenuka. Womwalira akakhala wa kwawo, bokosi la matabwa opala bwino. Akakhala Msena, kapena wa kumapiri kwathu, mawu ake anali amodzimodzi: "Matabwa avuta, abale, mphasa ilipo." Anthu anatopa nawo.

Amuna anga ndiwo anali mkulu wa adzukulu. Masiku a ntchito ankakumba golide pansi, wina akamwalira ankakumba manda pamtunda, moyo wawo wonse piki ndi fosholo. Sindikuwatama, ayi. Anali munthu wofatsa, woganiza mochedwa, woti ukawafunsa kanthu m'mawa yankho limabwera ndi ndiwo zamadzulo. Koma dzenje la Msena ndi dzenje la Mngoni ankakumba mofanana, ndipo amuna anayamba kunong'onezana ku mowa kuti chaka chino tikaima kumbuyo kwa mdzukulu.

Basi nkhondo inayamba.

Inayambira kutali, kwa Mjeremani, ife tinangoona nsalu ikusowa, sopo akusowa. Koma itayandikira nyengo ya chisankho, nayo nkhondo inayandikira. Ha! Inali ndi miyendo nkhondo imeneyo. Chisankho chikakhala kutali, nkhondo ili kutsidya kwa madzi amchere, ikudzidyera azungu ake. Chisankho chikati odi, nkhondo nayo odi. Mpaka lero kuno ku Chipadze kumene ndikukhala, ndikamva pa wailesi kuti pulezidenti wa dziko lakutilakuti watumiza ndege kukamenya anthu amene sanawaonepo, ine funso langa ndi limodzi: kwawoko asankha liti?

A pulezidenti anaima pa bwalo, pepala lamagazi lili m'manja.

"Abale, zinthu zaipa. Mtaliyana walowa nkhondo. Pano ali pa Abisiniya."

Mkulu wina wa ku shafuti, kolowera pansi pa mgodi, anafunsa, "Abisiniya ali kuti, a pulezidenti?"

"Si patali. Apa." Analoza chala cha ku Musana, kumene tinkagula mbuzi. "Ndiye nthawi ngati ino, sosaite ingaperekedwe m'manja mwa munthu wosawerenga? Bomba likagwa, maliro adzachuluka ngati ziwala. Adzawalongosola ndani? Chisankho chidikire Khisimisi."

Amuna, amuna athu, anthu olowa m'mimba mwa nthaka osaopa, anagwedeza mitu ngati abuluzi, n'kubalalika. Khisimisi itafika, Mtaliyana anali atagula ndege zatsopano. Chisankho chidikire kukolola. Ndipo ndege zinalipodi, zachikasu, za anyamata achizungu ophunzira kuuluka, zinkadutsa tsiku ndi tsiku ana athu n'kumazithamangira pansi akukweza manja. A pulezidenti ankaziyang'ana ataphimba maso ndi chikhatho, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Zinazi si zathu."

Ine pa mtondo ndinapeka kanyimbo, anzanga n'kumavomera:

Nkhondo iwe, umagona kuti?
Ndimagona m'thumba la jekete.
Nkhondo iwe, umadzuka liti?
Akangoti tisankhe, ee, akangoti tisankhe.

Kanyimboko kanayenda. Kanachoka pa mtondo kupita ku mpopi, ku mpopi kupita ku mowa, ku mowa kutsikira pansi pa mgodi. Chimanga chatsopano chitabweranso, amuna anati basi, Mtaliyana abwere asabwere, Lamulungu lino tisankha.

Ndiye Loweruka masana a pulezidenti anafika kwathu. Ine ndikupeta pakhomo, khanda kumbuyo, mwana wina wagwira nsalu yanga. Amuna anga akunola piki.

"Odi kuno!"

"Afike, a pulezidenti."

Ndinawapatsa mpando, anakana, kuopa fumbi pa jekete.

"Achimwene," anatero kwa amuna anga, "mzungu wa komboni walamula. Kwawo ku Mangalande anthu akukumba maenje obisalamo ndege zikabwera. Nafenso tikumbe lathu, kuseri kwa bwalo. Wokumba ndi inu. Mawa m'mawa tiyesa dzenjelo, anthu aone amene akuwasamala. Masana tisankha."

Amuna anga anasiya piki. "Dzenje lopanda maliro, a pulezidenti?"

"Mukukana? Kanani. Wokana dzenje ndi bwenzi la Mtaliyana. Ndikangonena liwu limodzi ku ofesi, tikiti yanu aing'amba, m'nyumba muno alowa ena."

Mtima wanga unagwera m'lichero. Nyumba inali ya chipinda chimodzi, ee, ya malata odontha, ee, koma inali nyumba, ndipo pa mgodi nyumba imayenda ndi tikiti ya mwamuna. Tikiti ikang'ambika, inu ndi a msewu. Msewu wa ku Tete ndinauyenda kamodzi ndili mtsikana wopanda katundu, ndipo ndinaona nsanza za anthu amene sanafike. Ndiuyendenso ndi khanda losalimba khosi? Koma kuvomera nakonso unali msampha. Adzukulu ali ndi lamulo lawo: nthaka situmbulidwa popanda mwini wake, ndipo dzenje siligona lopanda kanthu, limaitana munthu. Mdzukulu woyasamitsa nthaka chabechabe, ndani angaime kumbuyo kwake? Akakana, msewu. Akavomera, manyazi. Mabalani anali atawerenga bwino.

Ine ndinasankha manyazi. Ndinawatsina amuna anga kumsana. "Vomerani, bambo a mwana, vomerani."

Iwo anakanda m'mutu nthawi yaitali, kenaka anati, "Dzenje lake lotani?"

"Loti munthu agonemo, kanthu kochokera kumwamba kasamupeze."

"Muyeso wake?"

"Muyeso wa chiyani?"

"Ife sitikumba popanda muyeso, a pulezidenti. Manja sadziwa poyambira."

"Aa, inu anthu osapita kusukulu! Wamtali pa komboni pano ndani? Ndiyezeni ine, onse akwanamo."

Amuna anga anadzuka, anasolola bango pa mpanda, analiimika pambali pa a pulezidenti kuyambira ku chidendene mpaka pa liwombo, n'kulithyola, thyo! A pulezidenti ataima njo, chifuwa patsogolo, ngati akuwajambula. Mayo ine! Ndinaluma nsonga ya nsalu kuti chiphwete chisatuluke. Umo ndi mmene amayezera mtembo m'bandakucha, adzukulu asanapite kumanda. Mwana aliyense wa pa komboni ankadziwa. Koma munthu wofika pa maliro nthawi ya zolankhula yokha akanaonera kuti?

Musaganize kuti amuna anga anachita mochenjera. Kuchenjera akutenge kuti? A pulezidenti atapita, chonse chimene ananena n'chakuti nthaka ya kuseri kwa bwalo ndi youma, pafunika mapiki awiri.

Anakumba Lamulungu kusanache, monga amakumbira nthawi zonse, kuti dzenje lisagone. Ndipo manja aja ankadziwa dzenje limodzi lokha. Lopapatiza, lakuya mpaka wokumba kusaoneka mutu, dothi launjikidwa mbali imodzi, kumutu kwaloza kumene timalozetsa anzathu otisiya. Pansi pake, cham'mbali, anabowola kachipinda kaja timati nyumba, mogonekamo thupi kuti dothi lisaligwere pankhope. Kanthu kochokera kumwamba sikangamupeze munthu mmenemo, zoona. Bango lija analigoneka pamphepete.

Titatuluka m'tchalitchi tinapita kukaona, ndipo onse anaima patali. Azimayi achikulire anakokera ana kumbuyo kwawo. Mayi wina wa ku Masembura amene ankagulitsa mtedza anatula dengu pansi, manja kumutu. "Maiwe, ndiani afa?" Ena ankayang'ana amuna anga ndi diso loipa, ndipo ndinaona mzere wawo wa masana ukufupika usanayambe.

A pulezidenti anafika, jekete lasitidwa, chipewa pamutu, wezulo wa mpira ali pakhosi. Anaima pa mulu wa dothi n'kuyamba: Mtaliyana, mabomba, Mangalande, mfumu ya azungu imene ikudalira ife a pa Bindura. Pomaliza anati, "Ndikaimba wezulo, akazi ndi ana ayambe kulowa."

Pyee! Zii.

Pyee! Nkhuku yokha ndiyo inadutsa.

Analoza ine. "Amayi inu a nyimbo zambiri, yambani ndinu. Lowani ndi mwanayo."

"Ine, a pulezidenti? Pepani, muyeso si wanga."

Wina kumbuyo anaphulika kuseka, n'kudzitsekera pakamwa. A pulezidenti anatupa khosi. "Nonse ndikakunenerani ku ofesi! Amuna anu aone msewu mawa lomwe lino!" Apo ndinaleka kuseka, pakuti diso lawo linali pa ine, ndipo nyumba yanga ndinaiona ikuchoka.

Ndiye inabwera ndege. Imodzi mwa zachikasu zomwe zija, koma tsikulo mnyamata wake anatsika kwambiri, kaya ankafuna kuona chimene anthu aunjikanira. Inatulukira kuseri kwa mulu wa mgodi, phokoso ngati thambo likung'ambika, malata onse a komboni kunjenjemera. Ana anakweza manja monga mwa masiku onse. Koma a pulezidenti, aa, a pulezidenti! Nkhondo imene ankatiphikira nthawi yonseyi anali akulawa okha pophika, ndipo anali ataikhuta.

"Mtaliyana! Mayo, ndafa!"

Chipewa chinatsala pamtunda. Mwini wake psiti.

Ndege inapita. Tinasendera pang'onopang'ono, tinasuzumira. Munthu osaoneka. Kunangooneka mphepete mwa jekete ndi nsonga za nsapato. Anali atakwawira m'kanyumba kaja, atagona chagada, manja pamimba, ndipo anakwanamo ndendende, mutu kukhudza uku chidendene kukhudza uko. Bango silinama.

Wolowa m'manda ataimirira ndi mdzukulu, akatuluka asamba mankhwala, zatha. Koma wogonamo ali ndi dzina lina, ndi mtembo. Ndipo ine pa maliro onse a komboni ndinali woyambitsa nyimbo. Thupi likangogonekedwa m'nyumba yake, anthu ankatembenukira kwa ine. Tsikulonso mitu inatembenuka yokha, mwa chizolowezi. Ndikanatani? Ndinakonza kukhosi, ndinasuntha khanda, ndinaitulutsa yonse:

Wapita mlendo, wapita,
wasiya chipewa pamtunda,
amene ankatiwerengera nkhondo,
yamupeza ali yekha, ee.

Azimayi anavomera. Mayo, anavomera! Mawu apansi, mawu apamwamba, ena kugwetsa misozi yeniyeni, pakuti nyimbo ya maliro ikayamba aliyense amalira ake. Akazi awo a pulezidenti, amene anatsala kunyumba akuphika zachikondwerero, anamva nyimbo, anabwera akuthamanga mpango uli m'manja, n'kudzigwetsa pa mulu wa dothi.

Pansi panamveka mawu. "Ndili moyo! Abale, ndili moyo! Nditulutseni!"

Mkulu uja wa ku shafuti anawerama. "Khalani chete, a pulezidenti, nyimbo sinathe. Inu pa maliro a anzanu munkamaliza msanga?"

Tinaimba mpaka kumapeto, n'kubwerezanso.

Anawatulutsa ndi chingwe, popeza dzanja panalibe wopereka. Anatuluka ofiira ndi katondo, kumutu mpaka kumapazi, anthu n'kupatuka ngati kwadutsa njoka. Akuluakulu anakhala upo pomwepo. Dzenje lamulawa munthuyu, anatero, ndipo siligona ndi njala. Mwambo ulipo: thupi likasowa timaika chipatso cha mvunguti m'malo mwake. Koma mvunguti wokha sukwana, pafunika chovala chimene chalowa naye, chonunkha thukuta lake.

"Tengani chipewa," anatero a pulezidenti.

"Chipewa sichinalowe."

"Nsapato, abale."

"Nsapato sizifunda mvunguti. Vulani jekete."

Anavula. Ee, anavula! Tinaona malaya amkati ong'ambika kumsana, amene jekete linkabisa zaka zonsezi. Anakathyola mvunguti kumtsinje, anauveka jekete, anamanga mabatani onse owala aja. Mmodzi wa adzukulu anafunsa ngati sosaite ipereka bokosi. Msena wina, amene mbale wake anaikidwa chaka chathacho, anayankha mofatsa kwambiri, "Matabwa avuta, abale, mphasa ilipo."

Apo akazi awo a pulezidenti analira kuposa poyamba. Poyamba paja ankalira mwamuna. Tsopano ankalira jekete, m'chaka chimene nsalu inalibe poigula.

Anaponyamo bango, tinakwirira, adzukulu anasamba. Masana amuna anasonkhana pa bwalo. A pulezidenti anaimabe kutsogolo, manyazi analibe, malaya ong'ambika, katondo m'makutu. Koma munthu wotuluka m'manda uime kumbuyo kwake kuti akutsogolere kuti? Ngakhale a kwawo, aja a mabokosi opala bwino, ankayang'ana kumwamba ngati akufuna ndege ina. Nkhalamba ina yosaona bwino inakaima kumbuyo kwawo, mkazi wake anafuula ali kumbali ya ife akazi, "Bambo inu, chokaniko uko, mwatopa nane?" Inachoka ikuthamanga. Mzere wa amuna anga unakhota, unadutsa mpopi, unakafika ku zimbudzi. Dzenje silinagone lopanda kanthu, ndiye mlandu pa iwo panalibe. Nthungululu imene ndinaimba tsikulo inandisiya wosalankhula mpaka pakati pa sabata.

Koma nyumba inali isanapulumuke. M'mawa mwake a pulezidenti akale, atabwereka malaya, analowa mu ofesi ya mzungu wa komboni. Ine sindinasinje, sindinatunge madzi. Ndinamanga mtolo wa mapoto ndi mabulangete, ndinakhala pamwamba pake, maso ku njira. Amene anabwera anali wapolisi wa komboni, Mzezuru wonenepa, mwini dziko lino, akupukuta misozi ya kuseka. Anati iye anali pakhomo, anamva zonse. Mzungu anafunsa kuti dzenje lanji, walamula ndani, iye sanalamule dzenje lililonse. Mtaliyana wake uti, poti Mtaliyana anagonja ku Abisiniya chimanga chisanaume, ndipo zinalembedwa m'manyuzipepala onse? Kenaka anangoti, "Hamba sebenza," ndiye kuti pita ukagwire ntchito, n'kubwerera ku tiyi wake.

Mwamva? Zinalembedwa. Munthu uja anaziwerenga pa bondo pake, n'kupinda pepala, n'kuliika m'thumba la jekete.

Ndinamasula mtolo. Ndinabwezera mapoto pa mafuwa. M'nyumba imeneyo ndinaberekeramo ana ena onse, malata ake akudonthabe, ine ndikuimbabe.

Amuna anga anayendetsa sosaite bwino ndithu, sindinama. Matabwa akapezeka, a onse. Akasowa, mphasa ya onse. Koma mpando ndi mpando. Pofika Khisimisi anali atagula jekete lakale kwa Mmwenye, lalifupi manja. Kumanda anayamba kufika dzuwa litakwera. Ndipo nyengo yozizira itabwerera, akazi a ku Masembura atayamba kutsika ndi madengu awo, tsiku lina anabwera kuchokera ku sitolo atanyamula nyama, n'kukhala pakhomo, n'kuwongola pepala pa bondo. Munthu wosadziwa ngakhale chilembo choyamba cha dzina lake! Analiyang'ana, analiyang'ana, anakanda m'mutu.

"Mayi a mwana," anatero, "akuti Mjapani wayandikira. Ati ali pa nyanja ya ku Beira. Kodi chisankhochi sichingadikire Khisimisi?"

Ndinatula lichero, ndinapita ku mpanda, ndinasolola bango lalitali bwino.

"Taimirirani, bambo a mwana. Muwongoke."

Anandiyang'ana, anayang'ana bango, anapinda pepala lija n'kundipatsa kuti ndiyatsire moto. Chisankho chinachitika pa tsiku lake.